Gawo Lomaliza pa Bangula

M'chisakasa cha kanema kuseri kwa msika
kutentha kumanunkha mlamba wowamba ndi thukuta.
Timalipira pakhomo, jenereta n'kutsokomola,
dziko n'kutha.
M'sewero limeneli mizinda inapsa kale,
misewu inamera tsekera,
otsala akulimbirana mjigo umodzi,
ndipo mnyamata womasulira m'Chichewa
anapatsa mlonda wa mjigowo dzina: Chikwanje.

Chikwanje anapha mphwake chifukwa cha chigubu cha madzi.
Chikwanje yemweyo anabereka mwana wa mdani
masiku asanu ndi anayi, akumutafunira mizu.
Mabenchi anagawikana.
Akabaza amati ndi dolo. Amayi ogulitsa masau amati mfiti.
Ine sindiponya voti.
Ndimacheukira kumbuyo, pafupi ndi chitseko cha lata,
pomwe amakhala a Zuze Alufandika, chipewa pabondo.

Chaka chimene Ruo anabaya Shire m'nthiti,
madzi n'kulowa m'Makhanga usiku ngati wakuba wodziwa nyumba,
kumudzi kwathu bwato linali limodzi, la a Zuze.
Anapalasa kuyambira tambala woyamba mpaka zikhato kusupuka.
Anathyola anthu m'mitengo ya mango,
makumi asanu, ena amati kuposa.
Koma mbuzi analandira. Njinga analandira.
Wailesi ya amayi inakwera bwato amayi asanakwere.
Ndipo pa chulu cha kuseri kwa sukulu,
pomwe panali a Fatinesi ndi ana awiri,
opanda mbuzi, opanda kanthu,
anangokuwa kuti, ndibweranso!
Anabweradi.
Chulu ndicho sichinadikire.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
ndili pamapazi pawo, kukapa madzi ndi chikho chong'aluka.
Mpweya ndikupumawu unagulidwa ndi wailesi.
Ndiye ndiwatche ndani?

Lero gawo lomaliza.
Chikwanje wagwetsa mpanda kuti onse amwe,
waima yekha pa mlatho, mfuti ilibe kanthu,
nyimbo yachisoni yakwera,
chipolopolo chamupeza pachifuwa
pabwinobwino, pa nthawi yake.
Mwana uja, tsopano wandevu, akumutseka zikope.
Akabaza aimba malikhweru.
Ngakhale amayi a masau apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje:
wafa bwino, akutero, walipira.

Walipira.
Olemba masewero ali ndi chisoni ndithu.
Amamupatsa munthu mlatho, nyimbo,
ndi imfa yomuchapa ngati sopo.
A Zuze sanapatsidwe mlatho.
Anapatsidwa m'mawa, ndi m'mawa wina, ndi wina.
Mbuzi zija anabweza imodziimodzi, pachingwe, dzuwa lili paliwombo;
panalibe woomba m'manja,
ena anatseka chitseko mbuzi ikulira pakhomo.
Wailesi yathu inabwera itafa.
Bwato linaolera m'bango ku Mtayamoyo,
achule ndiwo akwera ulere.
Njala ikavuta amakumba nyika m'dambo limodzi ndi ife,
madzi m'khosi, ng'ona pafupi,
koma ng'ona nazo sizinawasankhe.
Lamulungu, mwamuna wa a Fatinesi amakhala mabenchi atatu kutsogolo kwawo,
ndipo pa moni wa mtendere
onse awiri amapeza chochita ndi nsapato zawo.

Jenereta yazima. Udzudzu wayambiranso nyimbo yake.
Anthu akutuluka, akukanganabe za munthu amene sanakhalepo.
A Zuze andigwira pachigongono,
dzanja lomwe lija linandikoka pa nthambi.
Mphwanga, mawa kuli gawo lina?
Ayi, ndikutero, latha.
Latha, akubwereza, ngati akulawa mchere wa mawuwo.
Avala chipewa.
Ali ndi mwayi mnzathuyo.

Atsikira njira ya kudimba, mumdima, osayatsa tochi.
Njirayo amaidziwa.
Mawa ali ndi mbatata yofunika kupalira,
ndipo kumtunda, ku mapiri a Thyolo,
kwayamba kung'anima.