Magalasi Atatu ku Nchalo

Lolemba la mu Okutobala, fani yafa,
thukuta likutsikira m'kolala.
Pa tebulo langa pali magalasi atatu,
lililonse ndi kadontho kake ka magazi.

Loyamba ndi la Zuze, msodzi wa ku Dambo la Njovu.
Udzudzu unamuyamba asanamere mano.
Ndikasuzumira m'makina, tizilombo tili phee,
tochepa, taulemu,
ngati alendi olipira mwezi usanathe.
Mwini wake sakudwala n'komwe.
Chamubweretsa ndi bala la mbedza pachala,
ndipo akungofunsa ngati minibasi ya ku Bangula yadutsa.

Lachiwiri ndi la Makwinja wa ku Thyolo,
amene watsika phiri mwezi wathawu kudzadula nzimbe.
Timphete tomweto, mtundu womwewo,
koma mwa iye tatuluka ngati mafulufute
mvula yoyamba itagwa.
Ali pa benchi panjapo,
wafunda bulangete pa dzuwa losweka mtengo,
mano akuwombana,
akuitana amake m'Chilomwe.

Zaka khumi ndi zinayi ndikuwerenga timadonthoti
ndipo nkhanza sindinaione, chifundonso ayi.
Ndaona njala yokha, ndi masamu ake.
Kakadya monyinyirika, anzake amakaphangira malo,
udzudzu ukafika usiku umanyamula ena.
Kakadya mwaumbombo, kamagwetsa nyumba
n'kulowa nayo limodzi m'manda.
Mbumba yake imapulumukira penapake pakati.
Nanga pakatipo m'pati
pamene nyumba zake sizifanana?
Mano amene kananolera pa khoma la njerwa zootcha la Zuze,
ndi la atate ake, ndi la atate a atate ake,
ndi omwewo akubowola Makwinja
ngati chiswe pa mpanda wa bango.

Chigwa chino sichikhala ndi magazi amodzi.
Malole amatsitsa a kumapiri nyengo yodula,
madzi osefukira amakweza a ku Makhanga,
bwato limaolotsa a kutsidya.
Kachilombo kamalawa onsewo,
ndipo kotsala ndi kamene kadzalume mawa.

Lachitatu ndi la Nsayi, wa miyezi isanu ndi inayi,
mayi wa m'chigwa, bambo wa kuphiri.
Amake akuti mankhwala a ulendo watha
anam'mwetsa theka,
theka linalo anasungira mkulu wake.

Magetsi aphethira, abwereranso.
Ndadontheza mafuta pagalasi,
ndapukuta diso ndi mkono wa malaya,
ndawerama.