Mawu a Tinyanga Tiwiri

Ndimataipa za eni ake ku Luwinga,
m'kakontena koyang'anizana ndi geti la Mzuni,
magetsi akakhalapo.

Lachiwiri kudabwera a Chavula, ambulera ikudontha,
aja ana asukulu amati adakaphunzira ku Poland.
Pamwamba pa pepala lawo padali mawu awa:
normatywność.
Ndidasakasaka pa kiyibodi yonse.
Zilembo ziwiri zakumapeto zili ndi tinyanga,
ndipo m'khola langa mulibe mbuzi zotere.

Ndidati, bwana, chimenechi n'chiyani?
Adati, ndi mphamvu ija imabisala m'kati mwa "uyenera".
Basi, n'kutuluka kubwerera m'mvula yamawawa.

Chichokereni iwo, ndikungoimva paliponse.

Lusubilo wa zaunamwino akuti magazi a munthu
ayenera kuthamanga mpaka nambala yakutiyakuti.
Amayi anga ku Chibavi adaipyola kale nambalayo
koma m'mawa uliwonse ali kudimba, akuthirira mpiru.

Sangwani wa zankhalango akuti paini wa ku Chikangawa
ayenera kutalikirana chonchi, ndipo wajambula mizere.
Katope wa m'mbali mwa Lunyangwa
sadaonepo tepi.

"Uyenera" wa kalaliki wa kukhoti amadza ndi chidindo,
unyolo uli m'thumba lakumbuyo.
Wa mnyamata wa zaumulungu ndi wofatsa,
amadikira kaye ufe.

Wina wa ziyankhulo adandibwezera masamba anayi
atawazunguliza ndi cholembera chofiira,
ati Chichewa changa chikununkha Chitumbuka.
Ndidafuna kumufunsa kuti mphuno yoyezerayo ndi ya yani,
adaisiya kwa ndani, idavotedwa liti,
koma kasitomala sayankhidwa choncho.
Nazonso sindikudziwa adalamula ndani.

Lachisanu a Chavula adabweranso.
Ndidawapatsa mawu awo ali osadulidwa bwino, opanda nyanga,
ngati ng'ombe ya chigodo.
Sadakalipe. Adasolola cholembera m'jekete,
n'kumeretsa tinyanga tija ndi dzanja, kamodzi, kawiri,
tsamba ndi tsamba, mpaka khumi ndi asanu ndi awiri.
Adati, kwawoko popanda timeneti ndiye kuti walakwitsa.
Ndidati, nanga kuno?
Adaseka, osayankha.

Adalipira. Ndidawapatsa chenji.
Adachiwerenga pachikhatho, n'kundiyang'ana,
mvula ikugogoda padenga la kontena.
Padaperewera makwacha makumi asanu.
Palibe adatchula mawu aja,
m'Chipolishi, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka,
koma dzanja langa lidatsegulanso kabati.