Kutsuka Nyenyezi

Matepi makumi awiri ndi atatu
anagona zaka m'katoni ya sopo
kunsi kwa bedi la malemu bambo ku M'baluku.
Nkhungu inawayala ngati ufa,
mphemvu zinaikira mazira pa gawo lachisanu.
Mayi anati, Twaibu, kataye zimenezo kudzala.
Ndinati eya, ndikataya.
Ndinakwera nawo kabaza mpaka kwanga.

Ana a lero sangadziwe.
Kachisakasa ka mphasa ndi mapulasitiki akuda,
jenereta ikutsokomola kuseri,
kandalama kachitsulo pakhomo,
ife mapazi mbuu kuchokera ku madarasa
kudzaona chombo chonga mbale ziwiri zovundikirana
chikuboola mdima kupita kopanda dzina.
Chizungu sitinkachimva.
Woyendetsa tinamutcha Che Ndevu,
chilombo cha maso atatu tinachitcha Mlamu.

Lero ndili ndi laputopu yong'aluka pakona
imene Jafali anabwera nayo ku Joni,
ndi deki imene fundi wa pamsika anaiutsa kwa akufa.
Ndimapukuta tepi ndi thonje ndi sipiriti
pang'onopang'ono, ngati chilonda cha mwana.
Sekondi imodzi, zithunzi makumi awiri ndi zisanu.
Chilichonse ndichipete mchenga,
ndiwongole mizere yonjenjemera,
ndibwezeretse kufiira pomwe panasanduka dothi.
Magetsi akathima ntchito ili pakati
ndimatukwana chamumtima, m'Chiyao,
mawa n'kuyambiranso.

Sindili ndekha.
Kuli mayi wina kudziko lozizira,
nkhope yake sindinaionepo,
ali ndi mawu omveka bwino koma chithunzi chinamufera.
Ine chithunzi ndili nacho, mawu anga ndi mvula padenga la malata.
Timasinthana pakati pa usiku, bandulo ikatsika mtengo.

Koma palibe anandichenjeza.
Fumbi litachoka ndinaona ulusi.
Timaulusi tiwiri, chombo chikulendewera pamenepo.
Nyenyezi zija ndi zibowo pa nsalu yakuda.
Mlamu, amene anandikodzetsa pogona ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
ali ndi zipi kumsana,
ndipo pakhosi pakuyenderera thukuta la munthu
amene mwina ankangoganiza za lendi.

Ndinatseka laputopu. Masiku atatu osayigwira.
Nditaitsegulanso ndinamuyang'anitsitsa
munthu wophikidwa m'chikopa cha labala uja,
ndinamumvera chisoni,
kenaka china chake chonga ulemu.
Zipi ndinaisiya. Ulusi ndinausiya.

Pa gawo lakhumi ndi chinayi pali malo
pomwe chombo chimathawa dzuwa likuphulika.
Pamenepo tepi inatha, inapyapyala,
chithunzi chimang'ambika pakati n'kusanduka mchenga wokhawokha.
Kompyuta ikuti ikhoza kupeka zomwe zinasowazo,
iyale bwinobwino, wina asadziwe.
Koma ine ndikuchidziwa chinadya pamenepo.
Ndi ife, tikukuwa, Bwezani! Che Mbwana, bwezani!
ndi chala cha bambo chonunkha petulo
chikudina batani kachisanu, kachisanu ndi chimodzi,
iwo akunamizira kukwiya,
akuti mundithera tepi ana inu.

Tinawatheradi.

Masekondi asanu ndi anayi amenewo sindinawakhudze.
Mayi wa kozizira uja anafunsa ngati ndaiwala.
Ndinamuyankha kuti ayi,
zina zonse sindinadziwe kuzinena m'Chizungu.

Loweruka ndinaitana ana a mchemwali wanga Asiyatu,
tinatchinga zenera ndi chitenje.
Anaseka ulusi, anaseka zipi,
wamkulu anati ndiye zimenezi amalume mwakhala mukugonera m'mawa?
n'kubwerera ku foni yake.
Koma kamng'ono, Mwanaisha, kanakhala kukamwa yasa,
chimanga chokazinga chili chigwirire m'manja,
ndipo chithunzi chitang'ambika pa dzuwa paja
kanandikoka malaya,
maso osachotsa pagalasi:

Amalume, bwezani.