Tambala Wotsika Mtengo

Ndinamugula Loweruka kumsika wa Chipata,
tambala wofiira ngati moto wa lupsa,
mtengo wake wosafika ngakhale wa msoti.
Wogulitsayo sanandiyang'ane m'maso,
anangopinda ndalama n'kusowa m'khamu.
Ndinamumangirira pakaliyala ya njinga,
pamene tsiku lonse pamakhala makasitomala anga,
n'kupalasa kulowera ku Mchini ndikuimba mluzu.

Lekesina anamuyang'ana nthawi yaitali.
"Bwanji akuwefuka ngati wapalasa ndi iye?"
Ndinaseka. Ndinati ndi dzuwa la Okutobala.
Usiku womwewo anagona m'khola
pamodzi ndi nkhuku khumi ndi zinayi za mkazi wanga,
zimene iye amazitchula ndi maina a ntchito zake:
iyi Fizi, iyo Feteleza,
yamawangayo Malata a Kukhitchini.

Lachitatu kunacha popanda kokoliko.
M'khola munkamveka kuyetsemula,
kenako kaphokoso ka pakhosi
ngati munthu akuyamwa madzi otsala m'botolo.
Fizi anaima pakona mapiko ali lende,
diso limodzi litamatika ndi manthongo,
mlomo uli yasa, akupempha mpweya
umene unali ponseponse, waulere,
koma wosalowa.

Tinasinja tsabola. Tinafinya khonje.
Tinathira phulusa m'madzi akumwa.
Lachisanu ndinakumba dzenje loyamba kuseri kwa bafa.

Bambo Sakala a zaziweto anaimira kutali,
nsapato zawo osaponda pafupi ndi khola.
"Katemera ndi ambulera, achimwene,
sathandiza wonyowa kale.
Zodwala pazokha. Zakufa kwirirani mozama, agalu asafukule.
Zinyalala za m'khola tenthani.
Ndipo nkhuku yachilendo izigona payokha masabata atatu
isanapatsane moni ndi zinzake."
Anafunsa ngati kwabwera nkhuku yachilendo.
Lekesina anayang'ana njinga yanga.
Sananene kanthu.
Bola akanandilalatira.

Madzulo kunabwera mnyamata wa kanyenya wa kudepoti.
Mphuno zake zimamva maliro a nkhuku ali kutali.
"Zotsalazo ndipatseni zonse, madala,
zikalowa m'mafuta ndani adzafunse?
Zooneka bwino ndikagulitsa zamoyo."
Anatulutsa ndalama. Ndinaziwerenga ndi maso:
theka la fizi ya Tiyike.
Dzanja langa linayamba kutambasuka lokha,
ndipo ndinaona kuti nanenso
ndikulephera kumuyang'ana m'maso.
Apo ndinamuzindikira munthu wa kumsika uja.
Nayenso ali ndi mwana kusukulu.
Nayenso anakumba dzenje kuseri kwa bafa.

Ndinabweza dzanja m'thumba.

Chovuta sichinali chimenecho.
Mpanda wathu uli ndi chiboo,
ndipo nkhuku za Amai Njobvu
zimadzatola gaga kwathu m'mawa uliwonse.
Mapazi makumi awiri kukafika pakhomo pawo,
koma anandilemera kuposa chitunda cha Kanjala
nditanyamula matumba awiri a makala.
"Odi. Kwathu kwalowa chitopa.
Ndinachibweretsa ndine, panjinga.
Tsekerani zanu."
Anandiyang'ana, manja ali ndi thovu la sopo,
n'kuthamangira kuseri akuitana kuti kiti-kiti-kiti.
Chiboo chija ndinachitseka ndi lata lakale, mdima utagwa.

Zatsala zitatu.
Feteleza ali moyo, khosi lapindika pang'ono,
amajompha pambali pa njere, kenako n'kuipeza.
Khola likununkha utsi ndi laimu.
Pakhomo pake pali patapata wolowera momwemo basi.
Lekesina walemba tsiku la katemera
ndi khala pachitseko, zilembo zikuluzikulu,
kuti ndiziliona ndikamatulutsa njinga.

M'bandakucha ndimadzuka nthawi isanakwane,
osati kudikira tambala wanga, iye ali m'dzenje,
koma wa Amai Njobvu, kuseri kwa lata.
Ndimagwira mpweya.
Lero walira.
Mawu ake ndawamvetsera mpaka kumapeto
ngati muli kakukhosomola.