Makilo Awiri Osakwana

Wogula zitsulo wadutsanso lero ku Chinamwali,
sikelo ikulendewera pa njinga.
Yotamu, mlongo wanga, akuti:
"Timupatse bokosi lija, likungodya malo kunsi kwa bedi."
Munthuyo wakoleka pulena ya bambo pa ngowe,
watsinzina diso limodzi,
wati makilo awiri osakwana.

Osakwana.
Ndamulanda m'manja ngati mwana amene wamugwira molakwika.

Sikelo yako sinaone apa,
pamene chala chachikulu cha a Kapichi
chinakumba kadzenje pa chigwiriro,
zaka makumi anayi, osapumula koma Lamulungu.
Ndikaikapo changa chimalowa chonse,
malo n'kutsala.

Macheka awa ali ndi mano atatu oguluka.
Limodzi linatsalira mu thabwa la mlombwa
chaka chimene Likangala anakokolola chimanga chathu,
enawo sindikudziwa, ndinali ndisanabadwe.
Nyundo yasintha mipini kanayi
koma timaitchabe nyundo ya agogo.
Tupa anatha kalekale, ndi wosalala ngati supuni,
bambo ankangomusunga.
Inenso ndikungomusunga.

Ankatsika ku phiri m'bandakucha,
thabwa la paini pamutu, nkhungu ili m'ndevu,
pofika masana pabwalo ponse pali timapepala ta mtengo
topiringizika, tonunkhira utomoni.
Ndinkatikoleka m'makutu kuti ndi ndolo.
Iwo ankati, "Choka apo, mayi, mpeniwu sudziwa mwana wa mwini,"
pensulo ili kuseri kwa khutu,
misomali itatu pakamwa.

Mabenchi a ku tchalitchi kwathu ndi awo.
Zitseko za theka la mzere uno ndi zawo.
Koma bokosi limene anagonamo
tinakagula ku Mpondabwino, la makina,
lonyezimira, lomata ndi guluu.
Ndinaona mpata pa ngodya yake
ndipo ndinachita manyazi m'malo mwawo.

Ine si mmisiri.
Ndimalemba malisiti pa sitolo ya mankhwala,
manja anga ndi a bolopeni.
Komabe mvula ya Zomba ikatupitsa chitseko,
n'kumakana kutsekeka usiku,
ndimachizula, ndimachigoneka pa mipando iwiri,
n'kukankha pulena monga ndinkaonera.
Imaluma, imadumpha, imandikana.
Kachitatu imavomera pang'ono,
ndipo kapepala kamodzi kamatuluka, kopyapyala,
fungo lija n'kudzaza m'nyumba
ngati wina wangolowa osagogoda.

Chitsekocho tsopano n'chokhota,
mphepo imalowera m'munsi.
Akanaseka mpaka kutsokomola.

Yotamu wapita mkati mokwiya.
Wogula uja akuimba belu kutali, cha ku msewu wa Malosa.
Ndakhala pa khonde ndi kansanza ndi mafuta a makina osokera,
ndikupukuta dzimbiri pa mpeni,
ndipo mwana wanga Tadala wanyamula nyundo ndi manja awiri,
akufunsa kuti iyi ndi ya ndani.