Mano a Lauta

Ku High Wycombe mvula sigwa, imangonyowetsa,
imalowa m'shedi mwa a Hargreaves ngati mlendo wozolowera.
Ndinafika Loweruka m'mawa, nditaweruka ntchito ya usiku,
fungo la sopo wa okalamba likadali m'zikhatho,
m'chikwama muli kabokosi kofiira:
mano a lauta makumi awiri ndi anayi, mapaundi khumi ndi asanu okha.
Njira yonse ndinkadzitama kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Iwo anatsegula, anasuzumira, anatseka.
Dzina langa ndine Mwatitha,
koma lilime lawo linalipala mpaka linatsala Titha,
ndipo sindinawakonze; linapalidwa bwino.
Anati, Titha, mano ochuluka chonchi ndi a ng'ona.
Iwe ukufunika anayi, koma akuthwa.

Anawayala pansanza yamafuta.
Lowongoka, lokumba ngalande m'thabwa.
Lina losenga mopendeketsa.
Lina lili ndi kabelingi kunsonga,
limangotsata chitsanzo osafunsa komwe likupita.
Lachinayi ndi limene ndinadzera,
lozungulitsa m'mphepete,
chifukwa Ganizani wanga ali ndi chipsera pachipumi
chimene anamulemba ndi ngodya ya tebulo la eni nyumba.

Tsinde la dzino likhale lonenepa, anatero, la theka la inchi.
Lowonda limanjenjemera.
Ndinaganiza za miyendo yanga posiyira basi mu Januwale.

Ndisanakhudze kanthu anandionetsa dzanja lamanzere,
chala chamkombaphala chothera pamfundo yoyamba.
Sanafotokoze.
Anangoloza pulagi kukhoma, ine n'kuizula.

Lowetsa dzino mpaka likagunde pansi,
kenaka ulibweze pang'ono, kunenepa kwa ndalama ya paundi imodzi.
Manga ndi sipanala, ulimbitse,
koma usachite ngati ukupotokola khosi la nkhuku.
Dzino likakula, liwiro lichepe.
Ndinavomera zonse ndi mutu,
tulo tili m'maso ngati mchenga.

Ndiye ndinayatsa.
Lauta inakuwa, ine mtima phaa,
ndinatsitsa dzino lonse kamodzi n'kamodzi kuti ndithane nazo.
Thabwa la paini linalira, linatukula utsi,
fungo la mtedza woiwalika pamoto,
m'mphepete monse munadetsedwa ndi chipsera chakuda.
Ndinayambiranso kumbali yolakwika,
chida chinandithawa m'manja ngati mbuzi yodula chingwe.

A Hargreaves anazimitsa, anathira tiyi m'makapu awiri othyoka zogwirira.
Mvula inkasisita denga.
Patapita nthawi anafunsa, kuntchito kwako uko,
amene sangathe kudya okha mumawadyetsa bwanji?

Ndinaona mayi Pritchard a m'chipinda chachisanu ndi chinayi,
supuni yatheka, kudikira ameze,
kupukuta pakamwa, supuni ina.
Ukawathamangitsa amatsamwa, amakutembenuzira nkhope kukhoma.
Sindinayankhe. Ndinatola chidutswa chotayidwa pansi pa benchi.

Ndinakweza dzino, lingonyambita thabwa.
Kuchokera kumanzere kupita kumanja, modekha.
Ndinazula pulagi, kutsitsa pang'ono, ulendo wachiwiri.
Wachitatu phokoso linasintha,
linakhala ngati munthu akung'ung'udza ali pantchito yake,
tizipalo tinagwa topotanapotana, toyera,
tina m'tsitsi, tina m'kapu mwanga.

Ndinayendetsa chala m'mphepete muja.
Palibe chondigwira.
Ndinayendetsanso, kenaka tsaya.
A Hargreaves anayang'ana kuwindo ngati sanaone.

Tebulo lenilenilo likadali matabwa asanu otsamira khoma,
miyendo yake sindikudziwa kuti ndidzailumikiza bwanji.
Chidutswa chija ndinapita nacho kunyumba pabasi,
Ganizani amachiyendetsa pakapeti, akuti ndi sitima.
Kabokosi kofiira sikanapite pachabe:
kamatchinga chitseko cha shedi kuti mphepo isachimenyetse,
mano ake makumi awiri ndi anayi ali chigonere m'katimo,
osalawako thabwa ngakhale limodzi.