Chiboliboli Chopanda Pakamwa

Zaka makumi atatu ndakhala ndikutchetcha kapinga
kuzungulira mapazi ake pano pa Chirunga,
ndipo sanandiuzepo zikomo.
Angatero bwanji? Alibe pakamwa.

Anamuumba ndi a Chikapa, mphunzitsi wa zaluso,
bambo wamfupi wa zala zong'aluka ndi simenti.
Mchenga tinkakatapa ku Likangala,
wilibala ikulira njira yonse.
Anamupatsa makutu aakulu ngati mbale,
maso oloza kuphiri,
buku lotsegula pabondo.
Pofika pamilomo anangosalaza ndi chikhatho
n'kupita kukasamba m'manja.

Kunabwera amuna awiri a majekete akuda,
galimoto ataisiya pansi pa jakaranda.
"Bwanji alibe pakamwa?"
A Chikapa anakanda m'mutu.
"Simenti inatha, bwana."
Analemba m'kabuku, nabwerera.
Thumba ndi theka linali m'shedi mwanga;
ndinalikhalira tsiku lonse ngati thadzi pamazira.

Masiku amenewo ophunzira ankadutsa apa ali duu,
koma ndinkaona phazi likuchedwa,
wina n'kudzigwira pamlomo
ngati akupukuta fumbi.

Kenaka mphepo inatembenuka.
Anaima ali chiimire mu utsi wokhetsa misozi,
mwala wosochera n'kumubenthula khutu lamanzere.
Usiku womwewo wina anamujambula pakamwa ndi khala,
pakamwa papakulu, pofuula.
Mvula ya Disembala inafufuta.
Palibe anabwerezanso: aliyense anali atapeza pakamwa pake.

Lero amamuveka chipewa cha omaliza maphunziro.
Amayi ochokera ku Jali, ku Mayaka,
amakonza duku n'kumutsamira pojambulitsa
ngati m'bale wawo amene anatsogola kusukulu.
Achikondi amapangana kukumana pamthunzi pake.
M'khutu lotsalalo mavu amangamo nyumba.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wa tepi ndi fayilo.
Akuti apa pangakwane magalimoto asanu ndi atatu.
"Madala, kodi chimenechi ntchito yake n'chiyani?"
Ndinati, "Mufunseni mwini wake."
Sanaseke.

Ndikanamuuza za Elufe wa ku Chingale,
wa chaka choyamba, nsapato zake zikadali zothina,
amene anandiimitsa chikwakwa chili m'mwamba:
"Agogo, anamuiwala bwanji pakamwa?"
Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera za thumba ndi theka.
Kalasi inamupitirira.
Mawa lake anabwera ndi anzake anayi,
nawonso ndi funso lomwelo,
funso limene silipezeka pamayeso.

A Chikapa anagona ku Domasi,
manda awo ndi mulu wa dothi chabe, opanda simenti.
Ine ndipuma ntchito mwezi wa Juni.
M'mawa uno ndatunga ndowa ziwiri,
ndamutsuka zitosi za akhwangwala paphewa,
ndipo pofika pamene pakanakhala milomo
ndapukuta pang'onopang'ono,
kuopa kumudula mawu.